Khadi ndi la agogo, ife ndi ogwirizira pepala

Loweruka lapitali, pa msonkhano wathu wa mwezi uno wa November, mnzathu amene amatsogolera gulu loyendera agogo analankhula za kalasi ya makhadi. Ambiri amene simunabwere mwapempha kuti tiike pano zomwe ananena. Nazi, monga anazilembera yekha.

Zikomo a chair, a patron ndi inu nonse anzanga. Andipatsa mphindi 20. Ndikapitirira mundikodole, koma musandikodole msanga.

Kwatsala masabata atatu kuti tikhale ndi kalasi ya makhadi a Khirisimasi ndi agogo athu aja. Atsopano mwina simukudziwa: kawiri pa mwezi, Loweruka m'mawa, timakumana ndi agogo a m'dera lathu lino la Chinamwali m'kalasi imene a hedi a pulayimale amatibwereka. Amabwera 14, nthawi zina mpaka 20, kutengera mvula ndi maliro. Ena amaluka, ena amasoka, ena amangobwerera tiyi ndi macheza, ndipo palibe vuto. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene timapangira makhadi nawo, zofunika kubweretsa, ndi zinthu ziwiri zimene ineyo ndinalakwitsa, kuti inu musadzazibwereze.

Ndiyambe ndi cholakwa choyamba. December wa chaka chatha ndinali nditangolemba MSCE, nthawi ndinali nayo yambiri, bandulo ndinali nayo. Ndinaonera mavidiyo ambirimbiri pa YouTube a makhadi aja oti ukatsegula mtengo umadzuka wokha m'katimo. Ndinati basi, izi ndi zomwe tikawaonetse agogo. Tinagula glitter, timikanda ting'onoting'ono, timasizasi ta ana a nazale. Ndinajambuliratu munthu wa chipale chofewa uja wa mphuno ya karoti, pamwamba n'kulemba Merry Christmas mwa zilembo zopotanapotana.

Sipanathe mphindi 20, zinthu zinali zitatembenuka. Agogo ena zala sizimalowa m'sizasi chifukwa cha nyamakazi. Ena mzere wa pensulo samauona, maso ali ndi ng'ala. Timikanda tinangomwazika pansi. Ndiye ife, mwa chifundo chathu, tinayamba: "Bweretsani agogo ndikuduleni." "Dikirani ndikumatireni." Pomaliza ife ndi amene tinkapanga makhadi, agogo atapinda manja akutionerera. Tinajambula zithunzi, tinaika pa Facebook, anthu anatiyamikira kwambiri. Ena mwa inu munaika timitima.

Chimene sichinaoneke pa zithunzipo ndi ichi. Agogo ena aakazi, aja amaluka zipewa za ana, anatenga khadi lawo n'kulitembenuza uku ndi uku. Anandifunsa kuti, "Kodi chidole chonenepachi ndi ndani?" Ndinawafotokozera kuti ndi munthu woumba ndi chipale chofewa. Iwo anati, "Ku Zomba konkuno?" Kalasi yonse inafa nako kuseka, nanenso ndinaseka. Kenako anandibwezera khadilo ndi manja awiri, nati, "Mwana'nga, ndi lokongola. Koma wapanga ndiwe. Ukampatse amene ukumufuna. Ine ndinangobwera kudzakuonerera." Tikusesa m'kalasimo tinapeza makhadi 9 mwa 16 atasiyidwa pa madesiki.

Ndinakhumudwa, sindinama. Ndinauza amayi kunyumba kuti agogo aja ndi osayamika. Amayi anangondifunsa funso limodzi: "Unawafunsa kuti akufuna kutumizira ndani?" Sindinawafunse. Ndinaganizira mapepala, mitundu, zithunzi, koma osaganiza kuti khadi limakhala ndi kopita.

Taganizani bwino anzanga. Agogo athuwa chaka chonse amakhala olandira. Mpingo ukabwera, alandire sopo. Ife tikabwera, alandire shuga. Ena ali pa Mtukula Pakhomo, akaime pa mzere alandire. Zonsezi ndi zabwino ndipo zipitirire. Koma munthu amene analera ana 7, amene khomo lake linkadyetsa alendo, amatopa ndi kunena zikomo yekhayekha. Amafunanso kuti wina amuuze iyeyo zikomo. Khadi ndi kanthu kochepa kwambiri, koma ndi kanthu koti agogo atha kupereka kochokera m'manja mwawo. Ife tikawalanda sizasi, tawalandanso mpata umenewo.

Ndipo musaganize kuti zolemberana ndi zachilendo kwa iwo. Amazidziwa kuposa ife. Tili ndi agogo aamuna amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ali mnyamata, ulendowo usanaimitsidwe mu 1974 pamene ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana. Iwo amatiuza kuti kalata yochokera kumudzi imawerengedwa mpaka kung'ambika m'mopinda, ndipo amene samatha kulemba amapempha mnzake kuti amulembere, iye akunena mawu. Mpaka lero ali ndi envelopu imodzi ya nthawi imeneyo m'sutikesi mwawo. Ife tinabadwira pa "please call me". Iwo amadziwa kulemera kwa pepala limene munthu walikhudza ndi manja ake.

Kanthu kena kamene ndinawerenga kanandiseketsa. Khadi loyamba la Khirisimasi logulitsa linasindikizidwa ku London mu 1843. Analipangitsa ndi bambo wina dzina lake Henry Cole, ndipo anasindikiza 1,000. Nkhani imati bamboyu anali wotanganidwa, makalata omuyembekeza kuti ayankhe anali mulu, ndiye khadi linali njira yachidule. Kwa agogo athu ndi zosiyana. Iwo nthawi ali nayo, mawu ali nawo. Chimene chimasowa ndi munthu wokhala pansi n'kuwafunsa.

Ndiye pa Pasaka tinasintha zonse, ndipo zinayenda. Mmene tinachitiramo ndi mmene tichitirenso ulendo uno. Tengani zolembera.

Tiyambe ndi pepala. Tigwiritsa ntchito manila kapena pepala lolimbirapo la saizi ya A4, limene ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Mukalipinda pakati limapereka khadi la masentimita 14.8 ndi 21. Ndikudziwa kuti mapepala akwera mtengo, ndipo wina anena kuti tilidule pakati kuti tipeze makhadi awiri pa pepala limodzi. Pa makhadi anu chitani zimenezo. Pa a agogo ayi. Khadi laling'ono limafuna zala zachangu ndi maso akuthwa. Bola makhadi ochepa koma aakulu. Mtundu wa pepala ukhale wowala, woyera kapena wachikasu, kuti zomatapo ndi zolemba zizioneka bwino. Kupinda tipindiretu ife Lachisanu, chifukwa manila ndi olimba: mulembe mzere pakati ndi rula ndi bolopeni yotha inki, kenako mupinde n'kusisita ndi kumbuyo kwa supuni. Likatero khadi limaima bwinobwino pa tebulo.

Guluu sitigula. Tiphika. Supuni imodzi ya ufa wa chinangwa wosefa bwino, masupuni 5 a madzi ozizira, mutakase mpaka mibulu ithe, kenako muike pa moto wochepa mukutakasabe mpaka lichite ngati phala la mwana, loonekera pang'ono. Ufa wa tirigu umagwiranso. Muthiremo kamchere pang'ono kuti lisachite nkhungu msanga, koma musaliphike Lachitatu n'kumati lidzafika Loweruka, linunkha. Liphikidwe Lachisanu madzulo. Popaka pakhale pang'ono kwambiri, ndi chala kapena kamtengo, chifukwa likachuluka pepala limakwinyika. Ubwino wake silipweteka khungu ndipo limachoka ndi madzi. Kuipa kwake mphemvu ndi makoswe amalikonda. Pa Pasaka makhadi awiri anadyedwa m'mbali usiku umodzi wokha. Ndiye akauma tiziwasunga m'ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro. Super glue asaoneke m'kalasimo, malezala ayi, glitter ayi. Glitter amakakamira ku zala, agogo akatikita m'maso ndi nkhani ina.

Tsopano mitundu ya makhadi. Tili nayo itatu yokha, ndipo yonse munthu atha kuimaliza mu mphindi 30.

Woyamba ndi wa nsalu. Mupite kwa matelala a pa khonde mumsikamu, muwapemphe mwaulemu tizidutswa ta zitenje timene amataya. Ambiri amapereka ulere mukawauza ntchito yake. Tichape, tisite, ndipo ife tiduliretu zidutswa zikuluzikulu: za makona atatu, zozungulira, ndi timizere totalika ngati chala. Agogo asankhe okha n'kuyala mmene akufunira asanamate. Za makona atatu zitatu zosanjikiza zimapanga mtengo. Timizere titatu toimirira, pamwamba kachidutswa kachikasu, ndi makandulo. Chozungulira ndi timizere m'mbali ndi dzuwa. Musawafulumizitse posankha nsalu. Pamenepo m'pamene nkhani zimatuluka. Agogo ena anagwira kachidutswa kobiriwira nthawi yaitali, kenako anati nsalu ngati imeneyo ndi imene anaberekera mwana wawo woyamba potuluka kuchipatala. Khadilo linapita kwa mwana yemweyo, amene pano ndi agogonso.

Wachiwiri ndi wa chidindo. Uwu ndi wabwino kwa amene manja amanjenjemera, chifukwa sufuna kulunjika. Mudule therere lobala pakati mopingasa, muviike mu penti wa madzi wosasungunula kwambiri, mudinde pa pepala. Chimatuluka ndi kaduwa kooneka ngati nyenyezi. Msana wa tsamba la nthochi mukaudula mopingasa umadinda ngati mwezi watsopano, ndipo agogo athu achisilamu anaukonda kwambiri pa makhadi a Idi. Mbatata ya kachewere mutha kuisema mtanda kapena mtima, koma kusemako tichite ife kunyumba. Penti tithire pa kasiponji m'chivundikiro cha botolo lalikulu, osati m'kapu, kuti asatayikire. Pakhalenso nyuzipepala yakale yoyesererapo kaye asanadinde pa khadi lenileni.

Wachitatu ndi wa maluwa ndi masamba ouma. Uwu ndi umene ukufuna kuti tiyambe lero lomwe. Maluwa a bougainvillea, aja ofiirira a m'mipanda, amauma bwino chifukwa ndi opyapyala ngati pepala. Timasamba ting'onoting'ono ndi ngayaye za udzu nazonso zimakhala bwino. Maluwa onenepa amadzi ambiri musavutike nawo, amaola. Muthyole masana kukakhala kouma, muyale pakati pa nyuzipepala osagundana, pamwamba muike mabuku olemera. Mabuku a Form 4 aja apeza ntchito tsopano. Pakatha masiku atatu musinthe nyuzipepala, ndipo pakatha masabata awiri akhala atauma. Mvula ikakhazikika chinyezi chimachuluka, zinthu siziuma msanga, n'chifukwa chake ndikuti lero.

Pa zojambula, musawakakamize mtengo wa Khirisimasi wa pa TV. Khirisimasi yathu ndi ya mvula, chimanga chili m'mawondo, mango ali mbwee, ngumbi zikuuluka madzulo, mpunga ndi nkhuku zili pa moto. Agogo akafuna kumata mtengo wa mango, ndi khadi la Khirisimasi limenelo. Akafuna khola la ng'ombe ndi nyenyezi pamwamba, chimodzimodzi. Likapendekeka, lisiyeni lipendekeke. Wolandirayo akufuna kuona dzanja la agogo ake, osati lanu.

Za kakhalidwe m'kalasi. Madesiki a ana a pulayimale ndi aafupi ndipo ndi olumikiza ndi benchi, agogo ambiri amavutika kulowamo. Tibwereke mipando ya pulasitiki ndi matebulo awiri, komanso tiyale mphasa chifukwa agogo ena aakazi amamasuka kukhala pansi atatambasula miyendo, thireyi pamiyendo. Amene maso akuvuta akhale pafupi ndi khomo kapena zenera. Amene amamva movutikira muzikhala mbali ya khutu limene limamva, muzilankhula pang'onopang'ono akukuonani pakamwa, osati kukuwa. Zolembera zikhale ma marker akuda onenepa. Bolopeni ikakhala yoonda, muikulunge kansalu n'kumanga ndi mphira kuti igwirike bwino. Pepala likamathawa, muligwirizire m'makona. Ntchito yathu yaikulu ndi imeneyo basi, kugwirizira pepala. Lamulo lathu ndi ili: dzanja lako lisakhudze pamwamba pa khadi pokhapokha agogo akupempha. Ndipo kalasi isapitirire ola limodzi tisanamwe tiyi.

Wachinyamata mmodzi akhale ndi agogo awiri, osapitirira. Musanatulutse n'komwe pepala, mupereke moni bwinobwino, mufunse za kunyumba, kenako mufunse funso la amayi anga lija: "Agogo, khadili mukufuna lipite kwa ndani?" Yankho lake ndi limene limasankha nsalu, mtundu ndi mawu.

Pa mawu pamafunika kusamala. Sukulu ya pulayimale yaulere inayamba mu 1994. Agogo athu ambiri, makamaka aakazi, anakula nthawi imene sukulu inali ya fizi, ndipo ndalama zikachepa amapita ndi mwana wamwamuna. Kusalemba si kupusa, koma ena amachita nako manyazi. Ndiye musafunse pagulu kuti, "Agogo, mumatha kulemba?" Muzifunsa motsitsa mawu kuti, "Mulemba nokha, kapena muzinena ine ndizilemba?" Aliyense amasankha popanda kuchita manyazi, ngakhale amene amatha koma dzanja latopa. Mukamalemba, lembani zomwe anenazo, m'chilankhulo chomwe anenera. Akanena m'Chiyao, itanani mnzathu wodziwa Chiyao. Musakonze kuti zimveke ngati za m'khadi la m'shopu. Agogo ena anati ndilembe kuti, "Mbuzi ija inaswa awiri. Ubwere usanamve kuti ndafa." Ndinafuna kufewetsa, koma ndinadzigwira. Ndinalemba momwemo, ndinawawerengera, anavomereza ndi mutu. Muziwawerengera nthawi zonse musanatseke khadi.

Posaina, tinagwirizana kuti aliyense azidinda chala chake ndi penti pansi pa mawu, kenako chidindocho achisandutse kambalame kapena kaduwa ndi marker. Ndikuti aliyense, kuphatikizapo agogo aja anali aphunzitsi, ndi ifenso pa makhadi athu. Chifukwa chake mukuchidziwa. M'maofesi ndi pa mizere yolandirira zinthu, kudinda chala kumaonetsa amene sanapite kusukulu. M'kalasi mwathu tikadinda tonse, chala chimangokhala chala.

Mudzakumananso ndi agogo amene mukawafunsa kuti lipite kwa ndani amangoti zii. Ana anamwalira, abale ali kutali. Musathamangire kunena kuti, "Ndiye mundipatse ine." Dikirani kaye, kenako mufunse kuti amawatungira madzi ndani, amakhala nawo pafupi ndani kutchalitchi kapena kumzikiti, anawaperekeza ndani kuchipatala. Nthawi zambiri dzina limapezeka. Agogo ena anapangira khadi mnyamata wa kabaza amene amawanyamula osawalipiritsa. Mnyamatayo analimata m'nyumba mwake.

Apa ndinenepo chinthu chovuta. Tonse tikudziwa zimene anthu ena amanena munthu akakalamba kwambiri, makamaka agogo aakazi okhala okha. Pakhomo pena khadi la agogo analikana, akuti zinthu zochokera kwa iwowo salandira. Zinandiwawa, ndipo agogowo sitinawabisire, tinangowauza mofatsa. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza anthu okalamba mu 2024, koma lamulo silingalowe m'mitima ya anthu palokha. Chimene ife tingathe n'chakuti anthu azitiona tikukhala nawo agogowa, tikudya nawo, tikunyamula makhadi awo masana dzuwa likuswa mtengo. Popereka khadi muzinena momveka kuti, "Agogo akutiakuti apanga okha ku kalasi yathu, akuti tikupatseni."

Kwa amene ana awo ali ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Joni, timajambula khadi kunja ndi m'kati n'kutumiza pa WhatsApp, lenilenilo n'kudikira wopita komweko. Koma mupemphe kaye chilolezo kwa agogo, ndipo mawu a m'kati mwa khadi asapite pa tsamba lathu la Facebook. Ndi kalata ya munthu imeneyo. Chinanso, musalonjeze kuti ayankha. Mwana wina wa ku Joni anatumiza voice note usiku womwewo akulira, agogo anaimvera kasanu. Wina anaona, timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, mpaka lero zii. Agogowo akatifunsa timawauza zoona: uthenga unafika, yankho silinabwere.

Tsopano cholakwa changa chachiwiri, ndipo ichi n'chachikulu kuposa cha glitter. Pa Pasaka paja ndinatenga makhadi 5 kuti ndikapereke. Anayi anali apafupi, ndinapereka tsiku lomwelo. Lachisanu linali la agogo aja a zipewa, omwe aja anandibwezera khadi mu December. Ulendo uno anapanga okha, la nsalu yofiira ndi makandulo atatu, lopita kwa achemwali awo aakulu ku Domasi amene anali asanaonane nawo chaka chathunthu chifukwa onse miyendo inali itavuta. Domasi si kutali, nonse mukudziwa. Ndinati ndipita Lolemba. Lolemba ndalama ya minibasi ndinagulira bandulo. Kenako kunabwera maganyu, kenako ndinangoiwala. Khadilo linakhala m'chikwama mwanga masabata atatu, pakati pa mafomu ofunsira malo ku koleji.

Sabata yachinayi ndinamva kuti kwa agogo aja kwagwa maliro, ku Domasi. Anali achemwali awo aja.

Atabwerera ku kalasi anandiitana pambali n'kundifunsa kuti, "Mwana'nga, analiona?" Kunena zoona bodza linali pakamwa penipeni. Ndani akanadziwa? Koma ndinalitulutsa m'chikwama, lili lopindika m'makona, ndinagwada n'kuwauza mmene zinakhalira. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Analitenga, analisisita pa bondo kuti liwongoke, nati, "Bweretsa, ndikasunge ine." Anakhala osabwera ku kalasi mwezi wathunthu. Pano anayambiranso kubwera, amandiyankhula bwinobwino, koma ine ndikudziwa chimene ndinawalanda, ndipo sindingawabwezere.

Ife achinyamata timaona ngati nthawi ilipo yambiri. Kwa munthu wa zaka 80 kulembera mnzake wa zaka 85, sabata imodzi ndi yaikulu. N'chifukwa chake chaka chino tikhala ndi kope la makhadi. Khadi lililonse lilembedwe: wapanga ndani, likupita kwa ndani, wanyamula ndani, lafika liti. Lifike pasanathe masiku 7. Wopereka abwerere kwa agogo kukawauza kuti lafika ndi zomwe wolandirayo wanena. Ngati ukudziwa kuti sungathe, usalitenge, palibe amene akuseke. Ndipo ndikupempha a msungichuma kuti pa ndalama imene tasunga posagula guluu ndi glitter, tipatule ya transport ya makhadi akutali. Khadi losafika ndi chimodzimodzi ndi losapangidwa, mwinanso kuposa, chifukwa agogo amakhala akudikira.

Tikazolowera, izi sizithera pa 25 December. Pali Chaka Chatsopano. Pali Pasaka mu March kapena April. Pali Idi, imene chaka chilichonse imabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11, ndiye tizifunsa anzathu achisilamu nthawi ikadalipo. Pa 15 October pali Tsiku la Anakubala, ndipo agogo ena anena kale kuti akufuna kudzapangira ana awo aakazi ndi apongozi amene akulera zidzukulu. Pa 1 October, tsiku lokumbukira anthu okalamba pa dziko lonse, mwina ndi pamene ife tingawapangire iwo, kamodzi pa chaka. Masiku ena onsewo opereka akhale iwowo.

Ndimalize ndi ntchito. Ndikufuna anthu anayi opita kwa matelala sabata ino. Atatu oumitsa maluwa, kuyamba lero. Awiri ophika guluu Lachisanu lomaliza, ndi ena anayi odzapinda mapepala ndi kudula nsalu tsiku lomwelo kwathu, amayi avomera kale khonde. Anyamata, mipando ndi matebulo ndi zanu, koma musathawe mukatula, agogo aamuna amamasuka kwambiri ndi inu. Wodziwa Chiyao kapena Chilomwe andione tikatha. Kope la makhadi ndisunga ine, ndipo mundilondalonde, chifukwa mwamva mbiri yanga.

Pomaliza penipeni, ambiri a ife tili ndi agogo athuathu, kunyumba kapena kumudzi, amene sabwera ku kalasi iliyonse. Mukapita pa holideyi, tengani pepala limodzi ndi tizidutswa ta nsalu m'thumba. Mukadya, mukakhala pa khonde, muwafunse kuti akufuna kulembera ndani. Kenako mugwirizire pepala, mudikire.

A chair, ndaona mwandikodola kawiri. Zikomo kwambiri nonse.

Amene mukufuna kulowa m'magulu atchulidwawa, lembani dzina lanu kwa mlembi wa kalabu pasanafike Lachitatu. Amene muli ndi manila, ma marker, nyuzipepala zakale kapena penti wa madzi wotsala, bwerani nazo pa msonkhano wa Loweruka.